Chamba cha mafakitale: mmene timalimira mbewu ya haibulidi kuseri kwa Lunzu

Chaka choyamba chimene tinadzala chamba cha mafakitale, mbewu inayamba maluwa isanandifike m'mawondo. Tinadzala chakumapeto kwa Disembala, inamera bwino kwambiri, mizere yonse biriwiri, koma pasanathe milungu isanu nsonga zinayamba kufufuma. Pa pepala limene linabwera ndi mbewuyo panali chithunzi cha munthu ataima m'munda, mapesi atamupitirira mutu. Ife tinakolola timapesi tonga ta chitowe. Ine ndine mlembi wa kopaletivi yathu ndipo ndine ndinasaina kalata yoitanitsa mbewuyo, choncho nkhaniyi inandikhala pamtima nthawi yaitali. Amayi ena a m'gulu mwathu anagulitsa mbuzi kuti asonkhe. Ndikulemba izi kuti amene akufuna kuyamba ulimiwu kuno ku Blantyre asadutse njira imene tinadutsa ife.

Ndiyambe ndi lamulo, chifukwa popanda chiphaso zonse ndikunenazi ndi mlandu. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Cannabis Regulation Act mu Febuluwale 2020, patapita zaka pafupifupi zisanu kuchokera pamene a Boniface Kadzamira, ali phungu wa kumpoto kwa Ntchisi, anaitula nkhaniyi m'nyumbamo mu 2015. Lamuloli linatsegula khomo la chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, ndipo linakhazikitsa bungwe la Cannabis Regulatory Authority, limene tonse timangoti CRA. Ndilo limapereka ziphaso. Kusuta n'koletsedwabe, ndipo wodzala wopanda chiphaso, ngakhale mitengo itatu kuseri kwa bafa, apolisi amamutenga ngati kale. Pamene mitengo ya ziphaso inkalengezedwa mu 2020, cholimira chamba cha mafakitale chinali madola 2,000 a ku America, cha mankhwala madola 10,000. Mlimi mmodzi wa ku Lunzu ndalama imeneyo sangaikwanitse, n'chifukwa chake tinalowa m'gulu. Funsani ku CRA ku Lilongwe mtengo wa lero, ndipo mufunsenso ziphaso zimene ntchito yanu ikufuna, poti kulima, kusunga, kukonza ndi kutumiza kunja sizikhala pa pepala limodzi.

Chimene chimasiyanitsa chamba chathuchi ndi chija cha ku Nkhotakota chimene dziko lonse limachidziwa kuti Malawi Gold si tsamba ayi. Ndi maso simungasiyanitse, ndi mphuno yomwe. Kusiyana kuli pa mankhwala oledzeretsa otchedwa THC, amene amakhala mu utomoni wa m'maluwa a chamba chachikazi. Lamulo lathu limati chamba cha mafakitale chisapitirire 1 peresenti ya THC. Ku America malire ake ndi 0.3 peresenti. Munda ukapitirira malirewo, si wa mafakitalenso, ndipo thukuta lanu la chaka chonse likhoza kuthera pamoto. Nambala imeneyi muisunge m'mutu, tiibwereranso.

Musanagule ngakhale njere imodzi, pezani wogula, ndipo mgwirizano ukhale wolembedwa. Kwa ife kunabwera bambo wina wa galimoto yabwino, analankhula mokoma pansi pa mtengo wa mango kwa amfumu, natitolera ndalama za maphunziro ndi kulonjeza kuti adzagula chilichonse chimene tidzakolole. Pofika nthawi yokolola foni yawo inali yozima. Chamba si tomato woti mukamuyala pa msika wa Lunzu tsiku la msika. Amene angagule ndi yekhayo amene nayenso ali ndi chiphaso. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Wogulayo ndiyenso adzakuuzeni chimene akufuna: njere zoyenga mafuta, luzi la m'mapesi, kapena maluwa a CBD, mankhwala ena a m'chamba amene saledzeretsa. Ulimi wake ndi wosiyana kuyambira pa kadzalidwe. Ife timalima cha njere, luzi timalitenga ngati phindu lapambali, ndipo zimene ndifotokoze apa ndi za ulimi umenewo.

Tsopano za haibulidi. Aliyense wolima chimanga akudziwa kale nkhaniyi. Akatswiri amatenga makolo awiri osiyana, wina wa khalidwe ili wina wa khalidwe ilo, n'kuwakwatitsa. Ana oyamba amatuluka ofanana msinkhu, amphamvu, okhwima nthawi imodzi. Mukabwereza mbewu, adzukulu amabalalika, wina kutengera agogo aamuna, wina agogo aakazi, munda n'kukhala wamtali apa wamfupi apo. Chamba n'chimodzimodzi, koma pamene chimanga chobwereza chimangochepetsa zokolola, chamba chobwereza chikhoza kukukwezerani THC osadziwa.

Mbewu imene tikulima panopa, kholo lake limodzi ndi la kumaiko otentha ndipo limachedwa kuchita maluwa, linalo ndi la ku Ulaya, lobereka njere zambiri. Tikaidzala nthawi yake imandipitirira mutu ndithu. Phesi lake ndi lowongoka, lamphako pakati, lonenepa ngati chala cha mkombaphala tikadzala mothinana. Masamba ndi opyapyala, a zala zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zinayi, m'mphepete mwake ngati mano a sowo. Muzu wake umalowa pansi molunjika ngati wa nandolo. Imayamba maluwa mu Febuluwale, ndipo pakatha miyezi inayi chidzalire njere zimakhala zakhwima.

Nanga mbewu yoyamba ija inalakwa chiyani? Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ogulitsa mbewu ambiri sanena. Chamba sichiwerenga masiku ngati chimanga. Chimamvera kutalika kwa usiku. Usiku ukatalika kufika pamlingo umene mtundu umenewo unazolowera, chimasiya kukula n'kuyamba maluwa, kaya chili ndi miyezi itatu kaya milungu inayi. Taganizani nandolo wathu wa makolo. Mudzale mu Novembala kapena mu Januwale, amadikira masiku afupike, kuzizira kuyambe, ndiye achite maluwa. Mitundu yambiri ya chamba ili ndi khalidwe lomwelo.

Mitundu yotchuka ya chamba cha mafakitale inakonzedwera ku Ulaya: Futura 75 wa ku France, Carmagnola wa ku Italy, Kompolti wa ku Hungary, Finola wa ku Finland. Kumeneko nyengo yolima dzuwa limakhala kunja maola 15, 16, ndipo ku Finland kuposa apo. Kuno ku Blantyre tsiku lalitali kwambiri, chakumapeto kwa Disembala, ndi la maola pafupifupi 13 basi, ndipo mu Juni limatsika kufika pa maola 11 ndi mphindi zochepa. Ndiye mbewu yambiri ya ku Ulaya ikamera kuno imapeza usiku uli kale wautali ngati wa nthawi yokolola kwawo. Imathamangira kubereka isanakule. Feteleza sangaisinthe maganizo, madzi sangaisinthe. Ife tinathira yureya kawiri poganiza kuti ndi njala, masamba anangoda bii, msinkhu uli pomwepo. Olima maluwa a CBD m'mashedi a pulasitiki amayatsa magetsi madzulo kuti tsiku lioneke lalitali, koma pa ekala ya njere ndalama ya magetsiyo singabwerere.

Choncho funso loyamba kwa wogulitsa mbewu lisakhale la mtengo. Mufunseni kuti mbewuyi inayesedwa kuti, ndipo inatalika bwanji kumeneko. Akakuonetsani zithunzi za ku Canada, mupempheni za kuno. Ku malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze, kafukufuku wa chamba cha mafakitale anayamba mu 2015, boma likugwira ntchito ndi kampani ya Invegrow, ndiye kuti m'dziko muno muli anthu amene anaona ndi maso awo mitundu imene imakula ndi imene imapinimbira. Maiko ena a masiku aafupi ali ndi mitundu yawoyawo, monga Yunma wa m'chigawo cha Yunnan kum'mwera kwa China. Koma musaitanitse nokha mbewu pa intaneti. Mbewu idzere m'njira imene CRA ikuvomereza, ikhale ndi mapepala osonyeza mtundu wake ndi THC wake, ndipo mapepalawo muwasunge m'faelo limodzi ndi chiphaso. Safunsa anadya phula. Ndipo ngakhale mbewu ikhale yotamandidwa bwanji, chaka choyamba yesani pa kotala ya ekala.

Mbewu ikafika, iyeseni kameredwe. Njere ya chamba ili ndi mafuta ambiri ndipo siichedwa kufa ikakhala pamalo otentha, makamaka ikagona milungu m'nyumba ya malata mu Okutobala. Ine ndimawerenga njere 100 kuchokera pamwamba, pakati ndi pansi pa thumba, n'kuziyala pa kansalu konyowa, kupinda, kuika m'mbale pamthunzi, ndi kuwaza madzi m'mawa uliwonse. Pakatha sabata ndimawerenga zimene zatulutsa kamuzu koyera. Zikaposa 80 ndimakhala ndi mtendere. Zikakhala 60 ndimaonjezera mbewu podzala. Zikalephera kufika theka, thumbalo libwerere kumene lachokera mvula isanagwe. Mbewu yodikira kudzala timaisunga m'chipinda chozizira, pa thabwa, osati pa simenti.

Malo. Chamba chimadana ndi madzi odikha kuposa chimanga. Mbande zikakhala m'madzi masiku awiri zimachita chikasu, ndipo zopulumuka sizidzakulanso bwino. Dambo lisiyeni, makande olimba aja asiyeninso. Chimafuna dothi lofewa, lakuya, lolowa madzi msanga, lachonde, ngati limene mungasankhire fodya kapena chimanga cha mbewu. Dothi likhale ndi pH (muyeso wa kuwawasa kwa dothi) ya pakati pa 6 ndi 7. Katondo wambiri wa kuno ndi wowawasa kuposa apo, choncho tengani dothi mukayezetse ku malo a kafukufuku wa zaulimi a ku Bvumbwe, ndipo akakuuzani kuti muthire laimu, muthire mvula isanayambe kuti alowerere. Pali chinanso chimene anthu a m'tauni muno ayenera kuchidziwa. Chamba chimayamwa zitsulo zapoizoni za m'nthaka, monga mtovu, n'kuzisunga m'thupi mwake. Musadzale pamalo pamene panali dzala kapena garaja, musatenge manyowa a zinyalala za ku Mzedi, ndipo musathirire ndi madzi a mu Mudi. Njerezi zikukakhala chakudya cha anthu, ndipo wogula weniweni amaziyeza.

Mundawo ukhale ndi mpanda, ndipo ukhale pamalo omwewo amene munalembetsa. Musanadzale pitani kwa amfumu, pitaninso kupolisi ya kwanuko ndi fotokope ya chiphaso. Ife tinaitananso akuluakulu a mpingo ndi makolo a m'mudzi. Mayi wina wachikulire anandifunsa maso ndi maso kuti, "Mwana wanga, ndiye mwati mutiphere ana athu?" Sindinawaone ngati olakwa, poti mdzukulu wawo anasiya sukulu chifukwa cha chamba chosuta. Ndinawafotokozera modekha, ndipo mpaka lero pa geti pathu pali chikwangwani chonena kuti chamba ichi sichiledzeretsa. Anyamata ena anabwerabe usiku chaka choyamba n'kuthyola nsonga. Sanabwerenso kachiwiri, koma mlonda timamusungabe kuyambira maluwa mpaka kukolola.

Nthawi yodzala ndi mvula yeniyeni yoyamba, kumapeto kwa Novembala kapena sabata yoyamba ya Disembala, osati chizimalupsa. Cholinga n'chakuti mbewu ikule m'masiku aatali aja a Disembala ndi Januwale. Sabata iliyonse imene mwachedwa imadula msinkhu. Kudzala mu Januwale ndi kutaya mbewu, ndipo kudimba nthawi yozizira chimachita maluwa chili chaching'ono. Vuto ndi lakuti masiku amenewo aliyense ali kalikiliki ndi chimanga chake. Ife tinagwirizana kuti munda wa gulu udzalidwe tsiku loyamba, minda ya m'makomo mawa lake.

Sitiunga mizere ngati ya chimanga. Timagalauza, kuphwanya zibuma bwinobwino, kenaka kukonza mabedi otambalala okwera pang'ono, ndi ngalande pakati pake zotulutsa madzi. Pamwamba pa bedi timalemba timizere ndi kamtengo, motalikirana masentimita 30, n'kumwaza njere m'timizeremo mopyapyala. Kuya kwake kusapitirire masentimita awiri, ngati kachigawo koyamba ka chala. Mukakwirira kwambiri, mvula yamphamvu ikagwa dothi n'kuuma pamwamba, mbande zimafera pansi. Pa ekala ya njere pamalowa makilogalamu 10 kapena 12 a mbewu. Wolima luzi amathinanitsa kuwirikiza kawiri, kuti mapesi akule owonda opanda nthambi. Wolima maluwa a CBD amachita mosiyana kotheratu, mtengo uliwonse paokha motalikirana mita kapena kuposa. Pakatha masiku anayi mpaka asanu ndi awiri mbewu imakhala yamera. Masiku amenewo pakhale munthu woingitsa njiwa ndi nkhuku, chifukwa zimatsata mzere wonse n'kutola.

Amene amati chamba chimangomera chokha ngati udzu sanalimepo. Chimadya ngati chimanga. Manyowa owola bwino timawasakaniza ndi dothi pogalauza. Feteleza wokulitsa wa NPK timathira podzala, m'kamzere kake pambali, chifukwa akakhudzana ndi njere amaziwotcha. Yureya timathira pakatha milungu itatu kapena inayi, dothi lili lonyowa, ndipo maluwa akayamba sitithiranso. Mukachulutsa, mapesi amakula ofewa ndipo mphepo ya mkuntho ya mu Febuluwale imawagwetsa.

Kupalira ndi kwa mwezi woyamba wokha, koma mwezi umenewo musaunyozere. Mbande za chamba zimayamba mwaulesi, ndipo chisoso ndi bonongwe zimazipitirira msanga. Palirani ndi kakhasu kakang'ono kapena kuzula ndi manja, mosamala mizu. Chikangofika m'mawondo chimathamanga modabwitsa, masamba amatseka pamwamba, pansi pamachita mdima, udzu n'kufa wokha. Mankhwala opha udzu ife sitigwiritsa ntchito.

Maluwa akayamba mudzaona kuti munda uli ndi amuna ndi akazi, ngati mapapaya. Chachimuna chimayamba ndicho, chimatalika pang'ono, chili ndi masamba ochepa kunsonga, ndipo chimalendewetsa timatumba tonga tinthochi tating'onoting'ono. Mukachigwedeza m'mawa dzuwa litangotentha, pamatuluka fumbi lachikasu. Umenewo ndi mungu. Chachikazi chimatulutsa tindevu tiwiri toyera pa duwa lililonse, maluwawo n'kuunjikana kunsonga ngati ngala ya mapira. Palinso mitundu, monga Futura 75, imene mtengo umodzi umakhala ndi maluwa aamuna ndi aakazi omwe. Wolima maluwa a CBD amazula chachimuna chilichonse chisanatsegule timatumba tija, chifukwa njere zimamuonongera malonda. Ife a njere timachisiya, poti popanda icho palibe zokolola. Chikamaliza ntchito yake chimauma chokha, ndipo mlendo akaona amayesa kuti munda wagwidwa ndi matenda.

Mungu wa chamba suyenda ndi njuchi kwenikweni, umayenda ndi mphepo, ndipo umafika makilomita angapo. Tinene zoona, m'mapiri ndi m'makwawa a kuno muli anthu amene amadzala chamba cha makolo mobisa. Mungu wawo ukafika m'munda mwanu, mtengo umene walandirawo susintha, THC wake amakhala yemweyo, ndipo njere zake ndi zabwinobwino kuyenga mafuta. Tsoka lili pa mwana. Mukadzala njere imeneyo chaka chamawa, mwadzala haibulidi wina amene simunamufune, bambo wake ali chamba chosuta, ndipo THC wake adzadumpha 1 peresenti ija kutali. Mlamu wanga, amene ndi mlimi wakhama kuposa ine, anandiumiriza chaka chachiwiri kuti tisunge thumba limodzi la njere zathu tipulumutse ndalama ya mbewu. Tinakangana mpaka kufika ku komiti. Ndinawauza kuti, "Alamu, chimanga chobwereza chimakupatsani njala, koma ichi chikupatsani unyolo, ndipo chiphaso chimene chidzalandidwe ndi cha anthu tonse." Tinalemba m'malamulo a gulu kuti mbewu ndi yogula chaka chilichonse, ndipo njere zonse zokolola zimayezedwa pa sikelo pamaso pa anthu atatu.

Za tizilombo sindichulutsa. Chiswe chimadula mapesi pansi kukachita ng'amba, makamaka m'munda umene muli zinyalala zosawola. Nsabwe zimakhala kunsi kwa masamba. Mdani wamkulu ndi mbozi ija imaboola thonje ndi tomato, imene imalowa m'ngala n'kumadya njere zanthete. Muyende m'munda kawiri pa sabata, mutsegule ngala ndi zala, mukaona timatuvi takuda ndiye kuti ilimo. Pa munda waung'ono kutola ndi manja m'mamawa kumathandiza. Musapope mankhwala alionse musanafunse wogula ndi alangizi, chifukwa otsalira ake amapezeka mu mafuta ndipo katundu yense amakanidwa. Mvula ikachuluka mu Malichi, ngala zothinana zimagwira chuku, zimasanduka zotuwa ndi kuwola mkati. Zoterozo dulani mukakwirire kutali. Kumbali ya Lunzu ndi Lirangwe n'kouma ndipo vutoli ndi lochepa, koma a ku Chigumula ndi Bvumbwe, kumene nkhungu ndi chiperoni zimakhalitsa, aonetsetse kuti akolola ndi kuumitsa nyengo imeneyo isanafike.

THC amakwera maluwa akamakhwima, choncho musadikire tsiku lokolola kuti mudziwe pamene muli. Maluwa akangogwira bwino, lumikizanani ndi CRA za kayezedwe, ndipo zotsatira zake muzisunge. Lembani chilichonse m'kope: tsiku lodzala, kuchuluka kwa mbewu, feteleza, tsiku limene maluwa anayamba, amene analowa m'munda. Oyendera akabwera amafunsa zolembedwa, ndipo kope lomwelo ndi limene lidzakuuzeni chaka chamawa ngati mbewuyo ikuyenera malo anu.

Njere sizikhwima pamodzi. Zimayambira kunsi kwa ngala kukwera kunsonga, ndipo mukadikira za kunsonga, za kunsi zimakhala zayoyoka kapena mbalame zatha. Mpheta ndi njiwa ndi zimene zimakuuzani kuti nthawi yayandikira, zimafika m'magulu ndipo zitini zogogoda sizizithawitsa nthawi yaitali. Thyolani ngala, ifikiseni m'manja, uzirani. Njere yokhwima ndi yolimba, yotuwa, ya timizere takuda ngati dzira la mbalame, ndipo mukailuma imati thwa. Yosakhwima ndi yobiriwira kapena yoyera, imaphwanyika ndi chala. Pa njere khumi, zisanu ndi ziwiri zikakhala zokhwima, kololani. Ife timadula m'mamawa mame asanaume, kuti zisayoyoke, ndi chikwakwa chakuthwa, n'kunyamula ngala pa lona, osati paphewa. Valani malaya a manja aatali, masambawo amayabwa.

Ntchito imene imaononga alimi ambiri ili apa. Njere ya chamba yonyowa ikaunjikidwa imatentha m'maola ochepa chabe. Mukapisa dzanja mu mulu madzulo mudzamva kufunda, ndipo pofika mawa mafuta ake ayamba kale kuonongeka ndi kununkha moipa. Tsiku lomwelo yalani ngala mopyapyala pa lona m'shedi yopita mphepo, muzitembenuza. Pakatha masiku angapo punthani ndi kamtengo kopepuka, mosamenya kwambiri, chifukwa njere yosweka imaonongeka msanga. Kenaka kupeta ndi lichero, ntchito imene amayi a m'gulu mwathu amaidziwa kuposa makina. Tizidutswa ta masamba ndi ta maluwa tichoke tonse, popeza THC amakhala m'menemo, osati mkati mwa njere. Pitirizani kuumitsa mpaka chinyezi chitsike kufika pa 8 kapena 9 peresenti. Njira ija ya mchere m'botolo imene timayezera chimanga siikwanira apa, gulu ligule kapena kubwereka kamakina koyezera chinyezi. Zikauma, m'matumba oyera, pa mathabwa, m'chipinda chamdima chokhoma, ndipo makoswe muwakonzekere chifukwa amazikonda kuposa mtedza.

Njereyi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndi mafuta, ndipo pafupifupi kotala ndi zomanga thupi. Mafuta ake ndi obiriwira, onunkhira ngati mtedza, koma si okazingira, amapsa msanga. Amapita ku zodzola, ku sopo ndi ku zakudya zosaphika. Zotsalira poyenga ndi chakudya chabwino cha ziweto.

Mapesi musawotche. Khungwa lake ndiye luzi, lolimba kuposa mmene mungaganizire, moti mukalikoka ndi manja limakudulani chala. La m'munda wa njere ndi lokhakhala chifukwa lakhwimitsa, siliyenera nsalu, koma la zingwe ndi mapepala limakwana. Kuti lisendeke, yalani mapesi pa udzu kuti mame ndi dzuwa ziwavunditse, milungu iwiri mpaka inayi, mukuwatembenuza sabata iliyonse. Akasintha kuchoka kobiriwira kukhala otuwa, thyolani limodzi. Luzi likasiyana ndi mtima wa phesi mosavuta, akwana, amangeni m'mitolo muimike pouma. Kuno chiswe sichilola kuti agone pansi osayang'aniridwa, ndiye ife timawayala pa timitengo. Mtima woyera wa phesi, ukaphwanyidwa, umayamwa madzi kwambiri ndipo timauyala m'khola la nkhuku. Kunja amausakaniza ndi laimu n'kumangira makoma a nyumba.

Tsiku lonyamula katundu, dalaivala akhale ndi mapepala onse m'manja: fotokope ya chiphaso chanu, chilolezo chonyamulira, zotsatira za kulabu, ndi kalata ya wogula yosonyeza kulemera kwa katundu. Wapolisi wa pa rodibuloko ya pa Zalewa sangadziwe ndi maso kuti ichi n'cha mafakitale, ndipo si kulakwa kwake. Mmodzi wa akomiti akwere nawo galimotoyo, foni ili ndi moto ndi mayunitsi.

Munda umene mwakololawo musadzalemonso chamba chaka chotsatira. Ife timaikamo soya kapena nandolo. Mvula yoyamba ikagwa, njere zimene zinayoyoka zimamera zokha, m'mabedi, m'ngalande, m'mphepete mwa mpanda, ngakhale panjira imene munkadutsa ndi lona. Zimenezo ndi adzukulu aja osadziwika bambo wake. Timayenda mzere ndi mzere anthu asanu, kawiri mu Disembala ndi kamodzi mu Januwale, kuzula chilichonse chisanachite maluwa, kuchikwirira m'dzenje la kompositi, ndipo ine ndimalemba tsikulo m'kope.